Kusoka yunifomu ya msilikali wa KAR ya sewero: yambani ndi chaka, nsalu ibwere pambuyo

Okutobala akamatha, komanso Januwale akangoyamba, pakhonde langa pano pa Chitakale pamafika aphunzitsi oyang'anira magulu a zisudzo ndi atsogoleri a achinyamata a m'mipingo. Ena amakhala akukonzekera tsiku lokumbukira asilikali mu Novembala, ena sewero la John Chilembwe la pa 15 Januwale. Pempho limakhala limodzi: "A telala, tisokereni zovala za asilikali akale." Ndikafunsa kuti akale a chaka chiti, ambiri amangoyang'anana.

Funso limeneli silozemba ayi. Gulu la King's African Rifles, lomwe timangoti KAR, linakhazikitsidwa pa 1 Januwale 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno kwathu, likulu lawo lili ku Zomba. Linakhalapo mpaka 1964 pamene bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Zaka 62 zimenezo, ndipo zovala zinasintha kangapo. Ngati sewero lanu likubwerera kumbuyo mpaka nthawi ya Fort Lister, linga lomwe linamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi, ndiye kuti KAR kunalibe n'komwe. Nthawi imeneyo boma la Harry Johnston linkadalira kwambiri asilikali achi Sikh ochokera ku India, amene ankavala nduwira kumutu.

Choncho musanagule ngakhale mita imodzi ya nsalu, lembani papepala zinthu zitatu: chaka, gulu la munthuyo, ndi komwe ali. Chachitatuchi anthu amachiiwala. Msilikali ali pa perete ku Zomba ndi msilikali yemweyo ali m'thengo la ku Lioma, tsidya la malire athuwa kufupi ndi Gurue, komwe asilikali a kuno anamenyana ndi gulu la mkulu wa asilikali a Majeremani, von Lettow-Vorbeck, pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918, ndi anthu awiri osiyana pamaso. Woyambayo ndi wositasita, wachiwiriyo malaya ake ndi ofwifwa, azigamba, ndipo mwina chisoti chinatayika kalekale.

Za sewero la Chilembwe ndiwonjezepo ichi. Zipolowe zinayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale cha kuno kuchigawo cha Mulanje akulowera kumalire. Amene anathamangitsa anthu ake sanali a mtundu umodzi: panali asilikali a KAR, azungu odzipereka, ndi apolisi, ndipo omwe anamuwombera anali apolisi olondera. Musawaveke onse mofanana. Anthu a Chilembwe nawo sanali asilikali. Ambiri anatenga mikondo, mfuti zinali zowerengeka. Mbusayo m'zithunzi zake amaoneka atavala suti, munthu waudongo.

Komwe mungapeze umboni

Umboni woyamba ndi zithunzi zakale. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, kulinso nyumba yosungira zakale ku Chichiri. Ku Zomba kuli National Archives, ndipo mukafika kumeneko yendani mukaonenso nsanja yachikumbutso ya KAR kufupi ndi Cobbe Barracks. Amene thiransipoti yawavuta angathe kuona zithunzi za Imperial War Museum ya ku London pa intaneti, pafoni pomwepa. Ubwino wa zimenezi n'ngoti zambiri zimalembedwa malo, gulu ndi chaka. Chithunzi chopanda mawu ofotokoza chimene mwangochitola pa Facebook musachikhulupirire, makamaka chija chamitundu chowala bwino. Mitunduyo wina anachita kupaka pakompyuta mongoganizira, ndipo masiku ano zina ndi zopeka zonse.

Ngakhale chithunzi chenicheni chimatha kunamiza. Filimu yakale yojambulira sinkaona bwino mtundu wofiira: chofiira chinkatuluka chakuda bii, pamene chabuluu chinkatuluka chowalirapo kuposa m'mene chinalili. Ndiye mukaona msilikali wavala chisoti chakuda pachithunzi cha 1916, simungadziwe ngati chinali chakuda kapena chofiira. Mtundu mumaupeza m'zolembedwa kapena pachovala chenicheni chosungidwa. Chithunzi chimakupatsani kasokedwe, kutalika, matumba ndi kavalidwe.

Chenjeraninso ndi asilikali a eni. Mu nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, Majeremani nawonso anali ndi asilikali akuda ovala khaki, chisoti chawo chili ndi kansalu kophimba khosi ndi chizindikiro cha chiwombankhanga kutsogolo. Kunabweranso asilikali a ku Gold Coast (Ghana ya lero) ndi ku Nigeria, ndipo KAR yomweyo inali ndi mabataliyoni a ku Kenya ndi ku Uganda. Mukaona chiwombankhanga pachisoti, dziwani kuti mwatsala pang'ono kuveka mwana wanu yunifomu ya mdani. Ine ndimafuna zithunzi zosachepera ziwiri za gulu limodzi ndi chaka chimodzi zisonyeze chinthu chomwecho ndisanaike sizasi pansalu.

Umboni wachiwiri uli m'midzi mwathu momwemu. M'mabanja ambiri a ku Mulanje ndi ku Thyolo muli sutikesi kapena kachitini komwe muli mamendulo a agogo, nthawi zina ndi kabuku kotulukira usilikali. Pitani mwaulemu, mudzere kwa eni mbumba, ndipo musapemphe kubwereka. Zinthu zimenezi zikatuluka pakhomo sizibwerera. Pemphani kujambula ndi foni, muike rula pambali kuti mudziwe kukula kwake, mujambule kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete. M'mphepetemo ndiye muli nkhani: mamendulo a nkhondo yoyamba amakhala atadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake. A nkhondo yachiwiri ambiri anaperekedwa osalembedwa dzina.

Pocheza ndi akuluakulu musafunse kuti "Agogo ankavala chiyani?" Adzakuyankhani kuti khaki, nkhani n'kuthera pomwepo. Funsani kuti "Kodi agogo ankati anafika kuti?" Akatchula Karonga, mukudziwa kuti ndi nkhondo yoyamba, pakuti kumeneko kunamenyedwa pa 9 Seputembala 1914. Akatchula Abyssinia (Ethiopia ya lero), ndi 1940 kapena 1941. Madagascar ndi 1942. Burma ndi cha m'ma 1944. Dziko la Malaya ndi zaka za m'ma 1950. Malowo ndiwo akuuzeni chovala. Safunsa anadya phula, komabe kumbukirani kuti nkhani yodutsa m'makutu a mibadwo itatu imasakaniza nkhondo ziwiri kukhala imodzi.

Pali ena amandibweretsera vidiyo ya beni kapena malipenga kuti ndikopere. Magule amenewa anabadwadi potsanzira perete ndi bandi ya asilikali, ndipo ndimawakonda. Koma zovala zawo ndi za gule, zili ndi malamulo akeake: mamendulo ambirimbiri, zingwe zamitundu, masokosi oyera, magalasi akuda. Munthu asamuuze wovina beni kuti walakwitsa, ndipo wosewera nkhondo ya 1915 asakopere kwa wovina beni.

Nsalu

Yunifomu zakale zinali za thonje lokhuthala, lija timati khaki dirilu. Khaki wambiri yemwe akupezeka m'mashopu a ku Limbe lero ndi wa yunifomu za sukulu, wosakaniza ndi poliyesita. Amanyezimira padzuwa, sachita makwinya, ndipo ngakhale mutamuchapa kakhumi amakhalabe watsopano. Pemphani kachidutswa, mutuluke panja, mukayatse ndi machesi. Thonje limayaka n'kununkha pepala lopsa, phulusa lake n'lofewa lofumbutuka m'zala. Poliyesita amasungunuka, amanunkha pulasitiki, n'kusiya kambulu kolimba kakuda.

Mukasowa khaki wathonje, gulani dirilu woyera mumunyike nokha. Ife a kuno tili ndi mwayi, tiyi sasowa. Yambani mwachapa nsaluyo kuti sitachi wa kufakitale achoke. Wiritsani masamba a tiyi ambiri mumphika waukulu mpaka madzi ade, musefe bwinobwino chifukwa tsamba likakakamira pansalu limasiya banga. Ikani nsalu ili yonyowa kale, muziitembenuza ndi mtengo madzi akadali otentha, kenako muisiye igone momwemo. Yanikani pamthunzi. Ikauma imawala kuposa m'mene imaonekera ili yonyowa, choncho musathamangire kuweruza. Ngati yachepa, bwerezani. Tiyi yekha amapereka mtundu wopita kofiirira. Mukafuna kuti uzime pang'ono, viikani misomali yadzimbiri m'madzi kwa masiku angapo, muthire pang'ono chabe madziwo potsukuluza, koma muyambe mwayesa pakachidutswa chifukwa mukachulutsa nsalu imada n'kukhala yotuwa. Utoto wa tiyi umasuluka pochapa. Kwa ife limenelo si vuto, khaki wa m'thengo anali wosuluka kumene. Ndipo musavutike kuti anyamata onse afanane ndendende.

Kudula ndi kusoka za nkhondo yoyamba

Nkhondo isanayambe, msilikali wa KAR akapita kuthengo ankavala juzi yabuluu wakuda, kabudula wa khaki, nsalu zabuluu zokulunga m'miyendo, ndi chisoti chovekedwa chophimba cha khaki chokhala ndi kansalu kotchinga khosi kudzuwa. Nkhondo ili m'kati, zabuluuzo zinayamba kulowedwa m'malo ndi za khaki. Ndiye sewero la kumayambiriro kwa 1915 likhoza kukhala ndi juzi yabuluu, ya pakaunjika yopanda zolemba ndi yopanda zipi, pamene la 1918 likhale la khaki yekhayekha.

Malaya a m'zithunzi zambiri ndi aatali, ofika m'ntchafu, osapisira, lamba akumanga pamwamba. Dulani motakasuka, m'khwapa musapanikize. Kabudula ndiye amene atelala anzanga amalakwitsa kwambiri chifukwa dzanja linazolowera kabudula wa sukulu. Uyu chiuno chake chimakwera mpaka pamchombo, miyendo ndi yotakata, ndipo amatsika kufika pamwamba pa bondo. Zipi ayi, lasitiki ayi, zomata zija zolira pomatula ayi. Mabatani okhaokha, ndipo asakhale apulasitiki owala. Ulusi ukhale wofanana ndi nsalu, ovaloko ibisike m'kati.

Zokulunga m'miyendo, zimene azungu amati puttees, ndizo zimasandutsa mwana wa fomu 3 kukhala msilikali. Pezani bulangete lopyapyala laubweya pakaunjika, labuluu wakuda kapena lakhaki malinga ndi chaka chanu. Dulani mizere ya masentimita 10 m'lifupi, mamita awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono m'litali, iwiri pa munthu aliyense. Kumapeto kumodzi dulani kosongoka, musokerepo kathepi kathonje kotalika ngati mita imodzi. Musanaveke munthu, pindani mzerewo ukhale mpukutu, thepi ili m'kati. Yambirani pakakolo, muzungulize kawiri pamalo amodzi kuti igwire, kenako muzikwera, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake ngati momwe timafolerera udzu padenga. Pofika pakatumba nsalu yowongoka imayamba kuyasama m'munsi. Pamenepo ipotozeni kamodzi kutsogolo kwa msongolo, ipitirire itagona bwino. Malizani pansi pa bondo, mukulunge thepi pamalo amodzi, nsonga muilowetse m'kati. Ikakhala yothina kwambiri mwendo umachita dzanzi, ikakhala yolobodoka imavuka ali pakati pa perete anthu n'kufa ndi phwete. Ayeserere kumanga okha kunyumba mpaka manja azolowere.

Tsopano kumapazi, komwe timakangana ndi makolo chaka ndi chaka. Asilikali akuda a KAR a nthawi imeneyo ankayenda opanda nsapato kapena ndi nsapato zazingwe zachikopa. Akuluakulu awo ankati jombo n'zolemera kwa anthu osazizolowera. Jombo zinali za maofesala achizungu. Makolo amati mwana wawo asaonekere pagulu wosavala, ndipo ndimawamvetsa. Koma ine kuona kwanga, phazi losavala pansi pa yunifomu ya mfumu ya ku England limauza woonera zambiri za nthawi imeneyo kuposa mawu onse a m'sewero. Ngati bwalo lili ndi miyala kapena minga, sesani bwalolo. Zikakanika, musokeretse zazingwe zachikopa chofiirira kwa wosoka nsapato. Masilipasi ndi nsapato zamasewera zisayandikire.

Chisoti cha perete ndi fez, chooneka ngati mzuli wautali wopanda mlomo, chokhala ndi mphonje yolendewera. M'mafilimu ndi m'zojambula mumaona chofiira, ndipo n'zoona kuti mabataliyoni ambiri a KAR ankavala chofiira, koma a Nyasaland ankadziwika ndi chakuda. Yezani mutu ndi tepi, dulani katoni yolimba muipinde ikhale yopapatirako kumwamba, muikute ndi nsalu yakuda yosanyezimira, m'kati muikemo nsalu yothonje yomwa thukuta. Mphonje ndi ulusi wakuda womanga pamodzi. Nambala ya bataliyoni kutsogolo mutha kuidula pachitini chamtundu wa golide, koma pokhapokha ngati chithunzi chanu chikuionetsa. Kwa msilikali wa m'thengo, sokani chophimba cha khaki chija, kapena kachisoti kafupi kozungulira kokutidwa ndi khaki, komwe kanafala nkhondo ili m'kati.

Malamba, mfuti ndi nyota

M'zithunzi zina mudzaona lamba wachikopa wopingasa pachifuwa wokhala ndi timatumba tisanu ta zipolopolo. M'zina mudzaona zomangira za nsalu yolimba ya tenti, timatumba tisanu mbali iliyonse ya m'mimba. Tsatirani chithunzi chanu, musaphatikize ziwirizi pa munthu mmodzi. Wachikopayo amatheka ndi zikwama zakutha za pakaunjika, winayo ndi tenti yakale. M'timatumbamo ikani timatabwa kuti titukumuke.

Mfuti ikhale yosema, ndipo mmisiri wa matabwa mumupatse chithunzi, apo ayi akusemerani AK-47 yokhala ndi magazini yokhota, mfuti yomwe inatuluka mu 1947. Imene mukufuna ndi Lee-Enfield ya .303. Mtundu wake wodziwika kwambiri, SMLE, ndi wautali masentimita 113, thabwa limafika mpaka kukamwa kwa mfuti moti imaoneka yobuntha kutsogolo, kabokosi ka zipolopolo 10 kali kutsogolo kwa chowombera, ndipo kachitsulo kokokera kali kudzanja lamanja. Yeniyeni imalemera pafupifupi makilogalamu 4, choncho bulugamu ndi wabwino kuposa paini chifukwa mwana akanyamula chopepuka amachigwira ngati ndodo yothyolera mango. Mkungudza wa m'phirimu usiyeni, ndi mtengo wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutha. Mpeni wa kumfuti unali wautali, chitsulo chake masentimita 43; wanu ukhale wathabwa wopanda nsonga, wopakidwa penti yasiliva.

Nyota ndi zapamkono, zosongokera pansi: imodzi lansi kopolo, ziwiri kopolo, zitatu sajeni. Pa anyamata khumi, sajeni mmodzi ndi kopolo mmodzi akwana. Nthawi imeneyo m'magulu a kuno maofesala anali azungu, munthu wakuda ankalekezera pa usajeni meja, ndiye musamuveke nyenyezi zapaphewa. Ndipo sajeni wanu asavutike ndi Chingerezi chambiri: m'mabataliyoni a kuno chilankhulo cha ntchito chinali Chinyanja, moti maofesala achizungu ankachiphunzira.

Mamendulo ndiwo amakopa aliyense, koma ganizani: mendulo ya nkhondo imaperekedwa nkhondo itatha. Msilikali amene akuthamanga ku Karonga mu 1914 sangakhale ndi mendulo ya chipambano cha 1918 pachifuwa. Isungireni chigawo chomaliza, pamene nkhalamba yabwerera kumudzi. Pamenepo samalani maliboni: ya chipambano cha nkhondo yoyamba ili ndi mitundu ya utawaleza, pamene ya Burma Star, mendulo ya nkhondo yachiwiri, ili ndi chofiira chachikulu pakati, m'mbali buluu wakuda wodulidwa ndi kamzere ka olenji. Mendulo yeniyeni ya agogo isakwere pasiteji, dulani yachitini.

Za nkhondo yachiwiri sindichulutsa. Apa jombo zilipo, chipewa ndi chija chachikulu chamlomo chopindidwa mbali imodzi, zomangira zili ndi matumba awiri akuluakulu kutsogolo. Ku Abyssinia ndi khaki, ku Burma ndi zobiriwira za m'nkhalango zopanda mawanga.

Amtengatenga

Sewero lililonse limene ndaonapo limadzaza asilikali n'kuiwala anthu amene anali ochuluka kwambiri. Pa nkhondo yoyamba, amuna a dziko lino amene analowa usilikali anali pafupifupi 19,000, koma onyamula katundu, amtengatenga, anali pafupifupi 200,000, ambiri ochita kugwidwa m'midzi mokakamiza, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi matenda ndi njala. Ngati gulu lanu lili ndi ndalama zochepa, apa ndiye pabwino: sokani yunifomu zinayi zolondola, ena onse akhale amtengatenga. Chovala chawo ndi nsalu ya m'chiuno, biriwita kapena yoyera yothimbirira, bulangete lakutha papewa, nkhata pamutu, ndi bokosi lathabwa kapena thumba lachiguduli. Katundu wa munthu mmodzi ankalemera cha m'ma makilogalamu 25. Musapatse ana wolemera chotero, koma bokosi lisakhalenso lopanda kanthu. Ikanimo mchenga pang'ono kuti khosi ndi mayendedwe zioneke kuti munthu wasenza. Matumba apulasitiki a feteleza asaoneke. Mawotchi, tizibangili ta labala, mametedwe amakono ndi foni yotukumula thumba, zonsezi muziyendere mmodzimmodzi asanalowe m'bwalo.

Tsiku la sewero lisanafike, kadziwitseni apolisi a m'dera lanu ndi amfumu kuti kudzakhala mfuti zoseweretsa. Poyenda, mfutizo zikhale m'thumba lomanga, ndipo anyamata akavalire pamalo pomwepo, osati kukwera minibasi ya ku Limbuli atavala kale. Zamawangamawanga za asilikali a lero musazigwiritse ntchito n'komwe: m'nkhondo ziwirizi KAR sinkavala zimenezo, komanso a MDF, gulu la asilikali a dziko lino, amachenjeza kawirikawiri kuti anthu wamba asamavale.

Mukatha, musaunjike zovala m'katoni zili ndi thukuta. Chinyezi cha kuno, makamaka nyengo ya chiperoni, chimameretsa nkhungu pathonje ndi pachikopa m'masiku ochepa. Chapani ndi madzi ozizira, sopo pang'ono, muyanike ziume gwa. Zokulunga m'miyendo zipindeni m'mipukutu muike mankhwala a njenjete, zisoti muzilowetsane china m'chinzake, zachikopa muzipake polishi. M'bokosimo ikanimonso pepala lolemba chaka, gulu ndi komwe munapeza chithunzi chilichonse, kuti mphunzitsi wodzatenga gululo inu mutasamutsidwa adzadziwe kuti juzi yabuluuyo ndi ya 1915, asadzaiveke msilikali wa ku Burma.